Kadontho Kofiira pa Voliyumu

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Makutu. Dzina lawo lenileni lilipo, koma ngakhale amayi awo owabereka anafika polisiya. Si kuti makutuwo ndi aakulu ayi, ndi timakutu tating'ono ngati ta mwana, koma kale tinkamva zinthu zomwe enafe sitinkamva. Ntchito yawo ndi yojambula nyimbo. Makwaya, oimba m'maukwati, atsikana ofuna kutchuka, alaliki ofuna kuti mawu awo azilira m'magalimoto, onsewo adutsa m'kachipinda kawo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu.

Nanenso ndinawadziwira momwemo. Tinapita ndi kwaya yathu, anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, tinathithikana mpaka wina kupumira m'khosi mwa mnzake. Tili mkati mwa nyimbo, munthuyo anakweza dzanja, n'kuvula mahedifoni, n'kunena kuti mzere wakumbuyo kuli mtsikana wavala chibangili, ndipo chikugundana ndi batani la malaya ake. Tonse tinayang'anana. Chibangilicho chinali changa, koma ine mwini wakene sindinkachimva n'komwe. Ndinachivula nkhope ili gwaa ndi manyazi, iwo n'kuchiponya m'thumba la shati ati chingasokonezenso. Anandibwezera patapita chaka, tsiku la ukwati wathu.

Situdiyoyo ili kuseri kwa shopu yanga ya utelala. Nyumba ndi imodzi, ine kutsogolo ndi makina anga osokera, iwo kumbuyo, pakati pali kanjira kamdima koti anthu awiri sangapatukirane. Chipinda chawocho chilibe windo. Lomwe linalipo analitseka ndi njerwa chaka choyamba. M'makoma anamatamo siponji ndi matireyi a mazira, pachitseko tinakhomerapo matiresi akale omwe ana athu onse atatu anakodzerapo. Fani sayatsa, ati imalowa m'nyimbo. Mukalowa n'kutseka chitsekocho, ngakhale kunja kugwe mvula ya matalala simungadziwe, mumangomva fungo la thukuta la anthu omwe anaimba dzana.

Patebulo pali kompyuta, ndipo pambali pake pali kabokosi kachitsulo kakuda, kukula kwake ngati theka la buledi. Iwo amati intafesi, ine ndimangoti kabokosi. Mawu a pa maikolofoni amalowa mmenemo, n'kupita m'kompyuta, n'kubwereranso momwemo kuti akalowe m'makutu mwawo. Kutsogolo kwake kuli kagudumu ka voliyumu, kosaposa kotsekera botolo. Mavuto athu onse ali pa kagudumu kameneko.

Masipika ali nawo, awiri abwino ndithu, koma akhala ofunditsidwa nsalu kwa zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Kuseri kwa khoma lakumbuyo kunabwera dokotala wa mano. Sabata yoyamba yomweyo anabwera atavala magolovesi ake, n'kunena kuti besi ikagunda, zitsulo zake zimavina m'mbale, ndipo wodwala wina anangotsala pang'ono kubooledwa lilime. Eni nyumba sanachedwe, anati tisankhe, kusiya masipika kapena kubweza makiyi. Ndiye masipika amavundukulidwa Loweruka masana pokha, dokotalayo akatseka. Masiku ena onse ndi mahedifoni, kuyambira eyiti koloko m'mawa mpaka faifi, kuvula pa nkhomaliro basi, komanso pamenepo ndichite kuwakalipira.

Zinayamba ndi "mwati?" Ndikalankhula, mwati. Ana akalankhula, mwati. Ndinkaganiza kuti ndi chipongwe cha abambo chomwe chija, akamva kuti mukuwatuma makutu amagontha okha. Kenako wailesi ya kanema kunyumba inayamba kulira ngati ya m'bala. Koma chomwe chinandiopsa ndi ketulo. Tili ndi ketulo ija yoimba mluzu madzi akawira. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinaimva ndili pa geti, ikulira ngati ikuphedwa. Kulowa m'khitchini, ndinapeza bambo atakhala pampando, mwendo pa unzake, akuwerenga nyuzipepala, ketulo ili apa. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati madziwo sanawirebe.

Kuchipatala ndinachita kuwakoka ngati mbuzi yopita kumsika. Dokotala wa makutu anali mayi wachitsikana, wa magalasi, wosachedwa ndi nkhani. Anawalowetsa m'kachipinda kofanana ndi kawo komwe, n'kuwaveka mahedifoni, n'kuwapatsa kabatani koti azidina akamva kanthu. Ine ndinkaona pagalasi. Poyamba ankadina msanga, akumwetulira, ngati akuti mwanayu akuseweretsa ndani. Kenako chala cha dokotala chinkadina, chawo chili duu. Dokotala kudinanso, chawo chili duu, maso ali tcheru, akudikira mawu omwe anali atadutsa kale. Ndinayang'ana kumbali. Munthu yemwe anamva chibangili pakati pa anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi!

Dokotalayo sanatibisire. Anati phokoso limayamba ndi kupha mawu opyapyala, a ketulo, a mbalame, a ana ndi azimayi, ndipo timinyewa ta m'khutu tikafa sitiphukanso ngati udzu. Zapita zapita, chatsala n'kusunga zomwe zilipo. Anati voliyumu ikhale yoti munthu woima pafupi akalankhula bwinobwino, azimumva mahedifoni ali kumutu, ndipo ola lililonse azivula apumitse makutu. Anatinso akapitiriza, tsiku lina adzayamba kumva kulira m'makutu komwe kulibe kunja, ndipo kumeneko kulibe mankhwala. Bambo ankangogwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi. Sindikudziwa kuti anamva zingati.

Titabwerako sindinalowe n'komwe m'shopu mwanga. Ndinawakhazika pampando wawo, ndinawaveka mahedifoni, ndinati ayatse nyimbo. Ndinaima kumbuyo kwawo n'kumawafunsa kuti tigule chiyani cha ndiwo, uku ndikutsitsa kagudumu pang'onopang'ono, mpaka anandiyankha. Pomwepo ndinatulutsa penti wofiira wa zikhadabo m'chikwama, n'kudontheza kadontho kamodzi pa kabokosi, moyang'anana ndi kamzere ka pa kagudumu. Ndinati malire ndi amenewa.

"Ndikadzapitirira kadontho kameneka, mayi, mudzandidule dzanja ndi sizasi yanu," anatero iwo, dzanja lili pamtima.

Mwina wina angafunse kuti bwanji osangoisiya ntchitoyo. Aisiye apite kuti? Munthu wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, yemwe chiyambire unyamata wake sanagwirepo china koma zingwe ndi timabatani. Kukhoma msomali sadziwa, matiresi a pachitseko aja ndinakhoma ndine. Ndipo sakanauza aliyense. Mumsewu mwathu nkhani imayenda kuposa njinga yamoto, ndipo kutsidya kwa msewu kunali kutatsegulidwa situdiyo ina ya magetsi obiriwira ndi mipando yozungulira. Anthu ankabwerabe kwa ife chifukwa cha dzina lija basi. Ankati pitani kwa a Makutu, kumeneko ngakhale ntchentche ikatsokomola amaichotsa. Dzinalo ndi lomwe linkatidyetsa, ndipo ndi lomwe linawatsekera pakamwa.

Patapita miyezi ingapo kabokosi kakale kanapsa magetsi atabwera mwamphamvu. Anagula kena, kokongola, kokhala ndi mabowo awiri a mahedifoni kutsogolo. Tsiku lomwe kanafika ndinabwera ndi penti wanga. Tinachitanso chimodzimodzi, iwo n'kulowetsa chingwe pa bowo loyamba, ine n'kumafunsa za ndiwo mpaka anayankha, kadontho n'kudontha. Bowo lachiwirilo sindinalilabadire. Ndinkati ndi la mlendo.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndikawapititsira tiyi ndinkasuzumira. Kamzere kali pa kadontho. Masana ndinkalowa mwadzidzidzi ngati wapolisi, ndili ndi tepi yoyezera m'khosi. Kamzere kali pa kadontho. Ndinkatuluka mtima uli m'malo, mpaka ndinkawatamanda kwa achemwali anga kuti amuna anga asintha, amamvera. Chitsiru ine! Chaka chonse ndi miyezi inayi ndinkalondera khomo lakutsogolo, mbala ikulowera kuseri.

Zinaululika Loweruka lina. Inabwera kwaya yomwe ija ndinkaimbamo ndili mtsikana, tsopano ya azimayi okhaokha makumi awiri, kudzamvera nyimbo zisanu ndi zitatu zomwe anali atajambula kwa masabata atatu. Wotsogolera wake ndi mnzanga wakalekale, timaitanana kuti asisi. Anandiitana kuti ndisiye makina ndidzamve nawo. Dokotala wa mano anali atatseka, ndiye bambo anavundukula masipika, n'kupukuta fumbi ndi mkono wa shati, n'kuyatsa nyimbo yoyamba. Anakhala chotsamira, manja atapinda pamimba, nkhope ikuwala.

Nyimbo inali bwino, azimayi anaimba ndithu. Koma pamwamba pa mawu onsewo panali kamluzu. Kopyapyala, kosadukiza, kolasa m'mano ngati singano. Mayi wina anatseka khutu ndi chala. Ena anayang'ana pansi. Nyimbo yachiwiri, kamluzu komweko. Yachitatu, komweko. Pambuyo pake tinadzapeza kuti inali tchaja ya foni yomwe mmodzi mwa oimbawo ankasomeka pafupi ndi chingwe cha maikolofoni tsiku lililonse, chinthu chomwe kale akanachigwira asanakhale n'komwe pampando. Asisi aja anandiyang'ana, kenako anayang'ana bambo, n'kufunsa mwaulemu wonse ngati kamluzuko anakaikamo dala kuti kakometse.

"Mluzu uti?" anafunsa bambo.

Azimayi onse makumi awiri anayang'anana. Bambo anaona nkhope zathu, kumwetulira kuja n'kuzima. Anazimitsa masipika msangamsanga, n'kuvala mahedifoni ati amvetsetse. Ine ndinali nditaima cha kuchitseko, komatu nyimbo yonse ndinkaimva kuchokera m'mahedifoniwo, mawu ake onse, mpaka kupuma kwa oimba. Ndinadutsa pakati pa azimayiwo n'kuwerama pa kabokosi. Kamzere kanali pa kadontho, ndendende.

Ndinawavula mahedifoniwo n'kuvala ine. Mayo! Zinali ngati wina wandimenya makofi mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndinawataya patebulo, misozi ikutuluka yokha. Kenako ndinagwira chingwe chake n'kuchilondola ndi dzanja. Sichinali chingwe chomwe ndinkachidziwa. Ichi chinali chonenepa, cholukidwa ngati tsitsi, ndipo mutu wake unali utalowa pa bowo lachiwiri lija.

Asisi ndi munthu wanzeru. Anaimirira n'kunena kuti zida zamagetsi zimatero, abweranso sabata yamawa adzajambulenso, ndipo zomwe zachitika muno zitsale muno. Azimayi anatuluka mmodzimmodzi m'kanjira kamdima kaja. Koma pakamwa makumi awiri mungatseke ndi chiyani? Ndinadziwa kuti pofika Lolemba ngakhale wogulitsa nthochi pakona adzakhala atamva.

Titatsala awiri ndinatseka chitseko, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinathokoza matiresi aja, chifukwa zomwe ndinalankhula si zoti ana amve. Ndinawatchula wabodza. Ndinawatchula wakuba, woba makutu ake omwe. Ndinati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma inu ngakhale nkhwangwayo simudzaimva. Iwo anangokhala, akuyang'ana pakamwa panga. Ndipamene ndinazindikira kuti akhala akundiyang'ana pakamwa kwa miyezi yambiri, ine n'kumati chikondi chabwerera.

Nditatopa, anayamba kufotokoza, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa kasitomala. Anati bowo loyamba limakankha mawu ndi waya mmodzi khutu lililonse. Lachiwirilo, lomwe amati la balansi, limakankha ndi mawaya awiri, wina kukankha wina kukoka, ndiye mphamvu yake imawirikiza. Analipangira mahedifoni akuluakulu ouma mutu, ofuna mphamvu yambiri, ndipo wanzeru akasamukira kumeneko amayamba watsitsa voliyumu mpaka pansi, n'kumakweza pang'onopang'ono. Kagudumu ndi kamodzi komweko, kadontho ndi komweko, koma phokoso si limodzi. Anati chingwecho anachita kuitanitsa, ndipo chinafika tsiku lomwe ine ndinapita kukagula nsalu.

"Kadontho kanu sindinakapitirire, mayi. Ngakhale tsiku limodzi."

Ndinafuna kuwagenda ndi kapu ya tiyi. Ndinafunsa ngati ankaganiza kuti ine ndinakwatiwa ndi kadontho.

"Pa bowo loyambalo, pa kadontho kanu, ndimamva ng'oma ndi besi basi," anatero. "Azimayi aja ndimangoona milomo ikuyenda. Ndikatsitsa, lero sindigwira ntchito. Ndikakweza, mawa sindidzagwira. Ndiye sankhani inuyo, poti ndinu odziwa kuika madontho."

Ndinawakwiyira, ndinawamvera chisoni, ndinachita mantha, zonse nthawi imodzi. Ndinapita kutsogolo, n'kutenga sizasi yanga yaikulu yodulira nsalu za jinzi. Atandiona nayo anabisa dzanja kumbuyo, akuyesa kuseka. Dzanjalo ndinalisiya. Ndinadula chingwe cholukidwacho pawiri, kenako panayi, ndipo bowo lachiwirilo ndinalitseka ndi kachigamba n'kumatapo guluu.

Lachitatu lake tinabwerera kwa dokotala wa magalasi uja. Anayerekeza pepala lakale ndi latsopano, n'kuvula magalasiwo, n'kufunsa kuti kodi tinkamvana chiyani ulendo watha. Khutu lakumanzere linali litatsika kwambiri. Lakumanja linkayesetsabe. Anatchula za timakina tothandiza kumva, bambo n'kufunsa kuti ndani angapereke nyimbo yake kwa munthu wovala timakina m'makutu. Dokotalayo anati zimenezo si za chipatala.

Ndiye pano zinthu zili chonchi. M'mawa ndimasoka. Ikakwana wani koloko ndimatseka shopu, madiresi a anthu ali pamulu, n'kulowa m'kanjira kamdima. Tinagula kachingwe kogawa mawu pawiri pa bowo loyamba lija, iwo mahedifoni awo, ine anga, kamzere pa kadontho. Za kukonza nyimbo sindidziwa kanthu, koma makutu ndili nawo. Ndikamva mluzu, mpando kulira, munthu kumeza malovu, ndimakweza dzanja. Iwo amaimitsa, n'kufufuza pa kompyuta pomwe mizere yadumpha, n'kuchotsa, n'kundiyang'ana kumaso kuti aone ngati chachoka. Kale ndinkasoka pa windo, ndikuona magalimoto ndi anthu odutsa, ndikupatsana moni ndi dziko lonse. Pano theka la tsiku ndimakhala m'bokosi lopanda mphepo, thukuta lili kamukamu, ndikusaka ntchentche yotsokomola. Makasitomala ena anasamukira kutsidya kwa msewu. Omwe anatsala amaseka kuti a Makutu amakonda akazi awo, safuna kusiyana nawo. Timaseka nawo.

Kwaya ija inabweradi, Mulungu awadalitse asisi. Mafoni onse tinawasonkhanitsa m'beseni n'kuwasiya m'shopu mwanga. Anaimbanso nyimbo zonse zisanu ndi zitatu, ndipo tinazikonza awiri kwa masabata awiri. Lachisanu lapitali, cha m'ma folo koloko, tinamaliza yomaliza. Ndinaimvera kuyambira poyamba mpaka pothera maso nditatsinzina, dzanja langa silinakwere. Ndinawagwedezera mutu kuti yayera. Anapumira m'mwamba, anasunga ntchitoyo, anazimitsa kompyuta, n'kuvula mahedifoni. Ine ndinaimirira, msana ukuwawa, ndikuganiza za diresi la mkwatibwi lomwe linkandidikira.

Koma iwo sanaimirire. Anapendeketsa mutu, monga ankachitira kale akamva kanthu, ndipo nkhope yawo inawala ngati ya mwana.

"Mayi, kamluzu kaja ndakamva. Ndakamva ndithu. Makutu akubwerera."

Ndinamvetsera. M'chipindamo munalibe kanthu. Iwo anagwada pansi pa tebulo, munthu wamkulu ndi mawondo ake owawa, n'kuyamba kuzula mapulagi limodzilimodzi, akuti pali tchaja ina yomwe yatsalira. Anazula la kompyuta, anazula la masipika, anazula la kabokosi, timagetsi take n'kuzima. Anamvetsera. Anandiuza kuti ndizimitse babu, mwina ndi imeneyo. Ndinazimitsa, tinatsala mumdima, kuwala kukungolowera pansi pa chitseko. Ndinkamva kupuma kwawo kokha. Mawu a dokotala wa makutu aja, onena za kulira komwe kulibe kunja, anandibwerera onse, ndipo ndinadziwa kuti nawonso awabwerera, chifukwa anasiya kufufuza.

Ndinayatsanso babu. Anali atakhala pansi, pulagi ili m'manja, atatsamira mwendo wa tebulo.

"Tatsitsaniko, mayi," anatero motsitsa mawu. "Pang'ono pokha."

Kabokosi kanali kozima, chingwe chake chili m'manja mwawo momwemo. Komabe ndinagwira kagudumu kaja n'kukapotokola, kuchoka pa kadontho kofiira kutsika mpaka pomwe kanakana kuyenda. Ndinagwada kumbali yawo yakumanja, n'kuwatembenuzira nkhope kuti aone pakamwa panga, ndipo ndinawafunsa ngati katsika.

Anandiyang'ana milomo, n'kupukusa mutu.